Mbale Yanga Yabuluu ndi Khomo Lokana Kuchoka

Inu amene mukuti zanu zada, amene mwayamba kudzera njira yakuseri poopa kukumana ndi anthu okudziwani, takhalani pansi ndikuuzeni za Sondes.

Tsiku limene zotsatira za mayeso omaliza sekondale zinatuluka, msewu wathu wonse mumzinda wa Sfax unali pokopoko ndi nthungululu. Azimayi ankalulutira pa makonde a m'mwamba, anyamata akuliza mahutala a galimoto, ogulitsa makeke akuthamanga uku ndi uku. Nyumba imodzi yokha ndi imene inali zii, mawindo otseka. Inali ya pamwamba pa yanga, m'chinyumba chathu chosanja chija.

Sondes anali atalephera kachiwiri. Ndipo bambo ake, msodzi wofatsa uja, tinali titangowaika m'manda mayeso atatsala pang'ono kuyamba. Mwanayo anatsala ndi amayi ake odwala miyendo, ndi maukonde opanda wokawaponya.

Ine ndine Najiba. Ana onse a m'chinyumba chija ankanditchula azakhali, ndipo amati pakamwa panga sipapuma. Sakunama. Koma tsiku limenelo ndinangophika kusikusi wa nsomba, chakudya chathu chija cha timibulu ta tirigu, n'kuika m'mbale yanga yabuluu, n'kukwera masitepe.

Sondes anatsegula chitseko pang'ono chabe. Maso anali psuu.

"Landira, mwana wanga. Udye, amayi ako nawonso adye."

"Zikomo azakhali," anatero, osandiyang'ana.

Mbale imeneyo sinali mbale wamba. Zinalipo zisanu ndi imodzi zofanana, zimene malemu amuna anga anandigulira ku Nabeul titangokwatirana kumene. Kunsi kwa iliyonse ndinadontheza utoto wofiira wopaka m'zikhadabo, monga timachitira tonse kuti mbale zisasokonekere pa ukwati kapena pa maliro.

Tsono inunso mukudziwa, mbale ya mnansi siibwerera yopanda kanthu. Umaikamo kaya tizipatso ta kanjedza, kaya timazira, kaya kachidutswa ka keke. Koma m'nyumba ija masiku amenewo munalibe choti n'kuika ngakhale m'kapu. Zinthu zitayamba kupepukako, amayi ake anafuna kuikamo tiazitona tochepa kuti nkhani ithe, koma Sondes anakana. Mwana wamanyazi uja, woumanso mutu ngati bambo ake, anali atalumbira mumtima kuti mbale ya azakhali idzatsika masitepe tsiku limene iye adzapeze ntchito yeniyeni, itadzaza mpaka kusefukira.

Chiyambire pamenepo anayamba kundizemba. Akamva chitseko changa chikulira, ankaima pamwamba phee mpaka nditalowa. Tikakumana mwangozi, moni wake unali wachothamanga. Ine zinkandiwawa, osati pang'ono. Koma ndikanatani? Ndani angakagogode pa nyumba ya maliro n'kuitanitsa mbale? Si ufiti umenewo? Kutumiza mbale yachiwiri nakonso kukanangomuwonjezera katundu. Choncho ndikaphika chabwino ndinkakulunga m'mapepala, n'kukawasiyira amayi ake iye kulibe.

Sondes anakalowa ntchito m'fakitale yosoka mathalauza. Ankachoka m'mawa, n'kubwera msana ukuwawa, zala zili ndi mabala a singano. Amalume ake anafika ndi nzeru yawo: pali mwana wa mnzawo, ali ndi golosale, akufuna mkazi.

"Sukulu yakukana iwe. Ukudikiranso chiyani?" anatero amalumewo.

"Pepala ndi limene landikana, amalume. Mutu wanga sunandikane."

Amalume anachoka akupukusa mutu, tiyi osamaliza.

Tsiku lina ku fakitale kuja ankataya kompyuta yakale ya mu ofesi. Sondes anaipempha. Anabwera nayo ataifungata pa miyendo m'takisi ngati mwana wodwala. Ndinamuona pa windo akuinyamula, ndipo ndinati mumtima, kalanga ine, mwana uja wayamba kutola zinyalala.

Sizinali zinyalala. Miyezi yotentha ija, pamene ntchito zimaweruka masana, mzinda wonse n'kugona, ngakhale amphaka osatuluka, Sondes ankakhala pa kompyuta ija thukuta lili kamukamu. Anaikamo Linux, pulogalamu yoyendetsa kompyuta imene aliyense amaloledwa kuitsegula m'mimba n'kuona mmene inalukidwira. Ankaiwononga, n'kuikonza, n'kuiwononganso. Paja safunsa anadya phula, ndiye pomwe sakumva ankafunsa anthu a pa intaneti amene sanawaonepo nkhope. Ena ankamuyankha bwino, ena mwachipongwe. Iye ankatola yankho, chipongwe n'kuchisiya pomwepo.

Zaka zinadutsa. Atayamba kufunafuna ntchito ya makompyuta, kulikonse funso linali limodzi.

"Satifiketi ili kuti?"

"Ndilibe, koma ndiyeseni."

"Tikuimbira foni."

Mafoni amenewo sankalira. Ankabwerako nsapato zili fumbi lokhalokha, mawa n'kukasoka mathalauza, tsiku lopuma n'kupitanso kwina.

Mapeto ake anafika pa kampani ina yaing'ono kufupi ndi doko. Wamkulu wa makina kumeneko anali bambo Lotfi, munthu wadazi, wanthabwala, wokonda khofi kuposa chakudya. Iwo sanafunse pepala. Anangoloza kompyuta ina pakona.

"Mapepala ine sindidya. Icho chafa. Chidzutse, tikambirane."

Sondes anachidzutsa. Anamutenga kuti amuyese kaye, ndipo anamuuza kuti akaoneka bwino adzamulemba ntchito yokhazikika.

Ine nditamva kwa amayi ake, ndinalulutira ndekha m'khitchini. Ndinati basi, mbale ikubwera, mwana wanga akubwera. Koma ayi ndithu. Kwa Sondes ntchito yoyeserera sinali ntchito yeniyeni. Ndiponso mbale ikakhalitsa, manyazi amakula nayo limodzi. Yakhala zaka, uikamo chiyani choti chikwanire?

Tsopano ndikuuzeni za ntchito yakeyo. Ine kompyuta ndimangodziwa kuipukuta fumbi, koma Sondes anadzandifotokozera pambuyo pake mpaka ndinamva, ndiye inunso mumva.

Kampaniyo inali ndi makompyuta akuluakulu, ndipo inkabwereketsa malo m'kati mwake kwa amalonda: ogulitsa mankhwala, otumiza nsomba kunja, makamaka oyenga mafuta a azitona. Aliyense ankapatsidwa kachipinda kake m'kompyutamo. Kachipinda kalikonse kanali ndi khomo lake la netiweki, lolowera ndi kutulukira mauthenga. Si khomo la matabwa ayi, ndi la m'pulogalamu momwemo. Wamalonda akamaliza ntchito yake, kachipindako kankagwetsedwa, khomo n'kuchotsedwa, kuti wina apeze malo.

Amene amachotsa makomowo ndi kenelo, mtima wa pulogalamu yonse ija. Kenelo ali ngati mlonda waulemu. Aliyense wofuna kugwiritsa ntchito khomo amayamba wanena kuti ndagwira, akamaliza amati ndasiya, ndipo kenelo amawerenga manjawo. Akafuna kuchotsa khomo, amalengeza kuti khomo ili likuchoka, kenako amadikira mpaka manja onse atasiya. Sachotsa pali dzanja, chifukwa wogwirayo angagwe.

Ndiye pa kampani ija panali matenda. Nthawi zina, osati nthawi zonse, khomo linkakana kuchoka. Kenelo ankalemba pa sikirini kuti: ndikudikira khomo limasuke, latsala dzanja limodzi. Pakapita kamphindi ankalembanso zomwezo. N'kulembanso. Osatopa, osakwiya, osasiya. Ali chidikirire choncho, ntchito zina zinkaima pa mzere kumbuyo kwake, zipinda zatsopano osamangika, zakale osagwetseka. Mankhwala ake anali amodzi, kuzimitsa kompyuta yonse n'kuiyatsanso. Koma ukazimitsa, amalonda onse a m'menemo ntchito yaima, mafoni n'kuyamba kulira.

Zipinda zimenezo ndi zimene Sondes anapatsidwa kuti aziyang'anira. Ntchito yake yonse inali imeneyo.

"Kodi dzanja limeneli ndi la ndani?" anafunsa tsiku loyamba kuona uthengawo.

"Ndikanadziwa bwenzi ndili ndi tsitsi," anatero bambo Lotfi. "Takhala nalo zaka. Timangozimitsa n'kupepesa. Uphunzire kupepesa bwino pa foni, ndi theka la ntchito yathu."

Koma mwana wanga uja anali ndi changu cha munthu wofuna kuonetsa kuti amatha. Anaganiza kuti, ngati latsala dzanja limodzi, bwanji osangomuuza kenelo kuti dzanjalo lasiya? Analemba mizere yochepa yochotsera chimodzi pa chiwerengero chija. Anakondwa nayo nzeru yakeyo, n'kuiika pa makompyuta enieni osadikira bambo Lotfi, amene anali atapita ku ukwati wa mwana wa mchemwali wawo ku Gabes.

Uthenga wodikira uja sunabwerenso, zoona. Chimene chinabwera chinali choipa kuposa pamenepo. M'mawa wina kompyuta yaikulu inagwa yonse, osati kungoima. Khomo linali litachotsedwa mwini dzanja adakaligwira. Atati atsamire anapeza palibe, n'kugwa, n'kugwetsa zonse. Woyenga mafuta wina anali pakati potumiza zikalata za katundu wake ku doko, ndipo anabwera yekha ku ofesi kudzalalata.

Abwana a kampaniyo analusa.

"Makasitomala andithawa chifukwa cha zipinda zimenezi! Azitona akayamba kuthyoledwa matendawa asanathe, ndikutseka zipinda zonse, anthuwa apite ku makampani akuluakulu akunja. Ndipo popanda zipinda, iwe mtsikana ulibe choyang'anira pano. Wamva?"

"Ndamva, bwana."

Nyengo yothyola azitona inali pafupi. Sondes anaona fakitale ya mathalauza ikumukodola.

Bambo Lotfi atabwera ku ukwati, anamupeza akuika kapu yake m'chikwama.

"Ukupita kuti ndi kapu imeneyo?"

"Ndagwetsa kompyuta, bambo. Ndibwino ndichoke ndekha asanandithamangitse."

"Khala pansi iwe. Wachiza mutu podula khosi, basi, ndipo si iwe woyamba. Aliyense amene anakumanapo ndi matenda amenewa anayesedwapo ndi bodza limeneli. Inenso ndinaliganizira, ulesi ndi umene unandipulumutsa." Anamuthirira khofi m'kapu yomweyo. "Kenelo samunamiza, mwana wanga. Kuthamanga sikufika. Tiye tipeze mwini dzanja."

Anamuonetsa chida china cha m'kenelo momwemo, choika chizindikiro pa dzanja lililonse logwira khomo, ngati kadontho kanga kofiira kunsi kwa mbale. Anachotsa bodza lija, anayatsa chidacho, n'kudikira kuti matenda abwere okha. Anadikira ndithu. Atabwera, chizindikiro chinaloza mwini dzanja. Anali kapulogalamu kakang'ono ka kampani yomweyo, kamene ntchito yake inali kulumikiza mauthenga obwera m'zidutswazidutswa.

"Mayo ine!" anatero bambo Lotfi atagwira dazi lawo. "Kameneko ndinalemba ndine, ndili mnyamata. Mfiti ili m'nyumba momwemuno!"

Anakawerenga awiriwiri, mzere ndi mzere. Koma abale inu, munalibe cholakwa chooneka. Chidutswa choyamba cha uthenga chikafika, kapulogalamuko kankagwira khomo. Chidutswa chomaliza chikafika, kankalumikiza, n'kupereka uthenga wathunthu, n'kusiya khomo. Pamene panali kugwira, panalinso kusiya. Anawerenga chamtsogolo, anawerenga chammbuyo, mpaka maso kuchita mdima.

Sondes anafunsa anzake a pa intaneti aja. Mmodzi anamuyankha mwachidule kuti matenda amene sungawabweretse wekha, palibe angakuthandize kuwachiza. Ndiye anayamba kuwaitana. Pa kompyuta yoyeserera ankamanga zipinda n'kuzigwetsa, kumanga n'kugwetsa, tsiku ndi tsiku. Khomo lililonse linkachoka bwinobwino ngati likumuseka.

M'minda anthu anayamba kukonza makwerero ndi nsalu zoyala pansi pa mitengo. Sondes anayamba kuonda, koma m'mawa uliwonse ndinkamva nsapato zake zikutsika masitepe pa nthawi yake.

Masiku omwewo inenso ndinali ndi zanga. Mawondo anali atayamba kukana masitepe, ndipo mwana wanga Anis ankandikakamiza kuti ndisamukire kwa iye ku Sousse. Ndinavomera. Katundu tinamanga. Koma tsiku lonyamuka ndinkangolisuntha: mawa, sabata yamawa, mwezi ukaoneka.

Loweruka lina masana Anis anabwera ndi galimoto, ndipo tinakangana chitseko chili chotsegula.

"Amayi, makatoniwa akhala pano mpaka liti? Mukudikira chiyani kwenikweni?"

"Ndili ndi chinthu changa kunja."

"Chinthu chanji?"

"Mbale. Zilipo zisanu, yatsala imodzi."

"Mbale! Amayi, ndikugulirani zina zodzaza kabati! Kapena ili pamwambapa? Ndikwere ndikaitenge pompano?"

"Ukangoponda masitepe amenewo, usadzanditchulenso amayi ako. Mbale salanda. Amene waigwira ndiye amaibweretsa yekha."

Anis anatuluka akung'ung'udza. Chimene sitinadziwe n'chakuti Sondes anali chiimire pa masitepe a m'mwamba, monga mwa chizolowezi chake, kudikira kuti chitseko changa chitsekedwe. Anamva zonse.

Sipanapite nthawi, ndinamva kugogoda, ngakhale chitseko chinali chotsegula. Sondes anali pakhomo, mbale yanga yabuluu ataigwira ndi manja awiri. Inali yotsukidwa bwino, ikuwala. Munalibe kanthu.

"Azakhali," anatero, "ndinkafuna ibwere itadzaza. Ndinkadikira ntchito. Tsopano ntchitoyo mwina ikutha, inunso mukusamuka. Ndilibe choikamo. Pepani."

Misozi inanditsika, koma pakamwa panga, paja ndanena, sipapuma.

"Chitsiru cha mwana! Zaka zonsezi ukuganiza kuti ine ndimadikira nsomba? Ku msika nsomba zinatha? Ndimadikira iwe! Ukamva kuti mwini mbale akusamuka, umathamanga nayo, kaya muli kanthu kaya mulibe. Kodi ine ndikalambire pa makatoni chifukwa cha mwambo?"

Ndinamukumbatira, tinalira, kenako tinaseka. Ndinam'khazika pa katoni, n'kuteleka tiyi. Koma potembenuka ndinaona mwana wangoti kakasi, maso ali pa mbale.

"Azakhali, tanenaninso."

"Kuti ndiwe chitsiru?"

"Ayi, zinazo."

"Kuti ukamva kuti mwini wake akusamuka, umathamanga nayo."

"Kapulogalamu kaja sikanaiwale," anatero ngati akulankhula yekha. "Kakudikira chidutswa chomaliza. Chidutswacho chikapanda kubwera, sikasiya khomo. Ndipo kenelo akalengeza kuti khomo likuchoka, sikamva, chifukwa palibe anakapatsa khutu."

Ine pa nthawiyo sindinamve kalikonse. Ndinangoona munthu akudzuka, tiyi osamwa.

"Iwe, taima!" Ndinatenga mbale yomweyo, n'kuikamo makeke a kanjedza amene ndinakonzera ulendo wanga, n'kumupatsira.

"Azakhali, mwayambanso?"

"Eya, ndayambanso. Koma ulendo uno ibwere mawa, yopanda kanthu. Ukaikamo chinthu ndichiponyera pa windo."

Sondes anakawapeza bambo Lotfi pa malo omwera khofi akusewera makadi, n'kuwakoka mpaka ku ofesi, mbale ili m'manja. Masiku onse aja ankagwetsa zipinda zili phee, zitamaliza kulandira mauthenga awo. Ulendo uno anatumiza uthenga wautali, n'kuudula pakati chidutswa chomaliza chisanafike, kenako n'kugwetsa chipinda.

Pa sikirini panalembeka: ndikudikira khomo limasuke, latsala dzanja limodzi.

Anazimitsa, anayatsanso, anabwereza. Zomwezo. Anabwerezanso. Zomwezo.

Akuti bambo Lotfi anavina, munthu wamkulu ndi mimba yake, keke wanga ali mkamwa.

"Matenda aja tawagwira pakhosi!" anakuwa. "Zaka zonsezi uthenga umenewu ndimadana nawo, lero ndingaupsompsone!"

Kukonza kwake sikunali kwa tsiku limodzi, ndipo ulendo uno Sondes sanathamange. Anapatsa kapulogalamu kaja khutu lomvera kulengeza kwa kenelo: kakamva kuti khomo likuchoka, kataye chidutswa chimene kasunga, kasiye khomo. Atamaliza, anawaitana bambo Lotfi kuti aone asanaike paliponse. Mutu umodzi susenza denga, ndipo iwo anaona pena pamene iye sanaone. Chidutswa chomaliza chikanatha kufika pa kamphindi komwe kapulogalamuko kakusiya, ndiye kakanasiya kawiri, kompyuta n'kugwanso ngati tsiku lija. Anatseka mpata umenewo limodzi. Anawonjezeranso kuti ngakhale pamene khomo silikuchoka, kasamadikire chidutswa mpaka kalekale.

Anayesa, anayesanso, anadula mauthenga paliponse pamene akanatha kudula. Makomo ankachoka mwakachetechete. Apo m'pamene anaika pa makompyuta enieni, imodziimodzi, bambo Lotfi ali pambali.

Nanga mbale? Mbale inabwera mawa lake, yopanda kanthu, monga ndinalamulira. Ndinaikamo zina, inabweranso. Inayamba kukwera ndi kutsika masitepe tsiku ndi tsiku, ndipo Sondes ankakhala pa katoni n'kumandifotokozera za makomo ake, ine ndikumutsutsa pomwe sindikumva. Anis ndinamuuza kuti adikire azitona athe, ndione mapeto a nkhaniyi. Ataona mbale zakwana, sanakanganenso nane.

Azitona anathyoledwa. Makina oyengera mafuta analira osapuma, mauthenga a amalonda ali piringupiringu m'zipinda zija. Foni ya madandaulo inali zii. Abwana ankadutsa pa sikirini m'mawa uliwonse kufunafuna uthenga wodikira uja, osaupeza. Tsiku lina anaima kumbuyo kwa Sondes, anatsokomola, anakanda m'mutu.

"Mpando umenewo ndi wako. Ukawauze amayi ako."

Madzulo ake kunamveka nthungululu kuchokera m'nyumba ya pamwamba pa yanga, nthungululu imene inachedwa zaka zonse zija. Amayi ake, ndi miyendo yawo yodwalayo, anatulukira pa khonde. Ine ndinayankha pansi. Msewu wonse unasuzumira m'mawindo, ena akufunsa ngati mayeso atulukanso.

Kenako Sondes anatsika ndi mbale yabuluu, nsomba zokazinga zili tho, mandimu m'mbali. Sindinaponye pa windo ayi, ndine munthu. Tinawathandiza amayi ake kutsika, ndipo tinadya tonse atatu pa makatoni.

Lero ndili ku Sousse, mbale zanga zonse zili m'kabati. Sondes ndi amene akuphunzitsa obwera kumene pa kampani ija, ndipo akuti chinthu choyamba chimene amawauza n'chakuti kenelo samunamiza. Amandiimbira foni Lachisanu lililonse, ndipo ndimamukalipira kuti sakudya mokwanira. Mtima wanga uli m'malo.

Koma ndikuuzeni zoona. Nsomba zija zinali zokoma, komabe kukoma kwake ndinaiwala kale. Chimene sindiiwala ndi tsiku lija mwana anaima pakhomo panga ndi mbale yopanda kanthu. Ntchito yokhazikika anali asanaipeze, matenda anali asanawagwire, analibe chilichonse choonetsa. Ndipo ine sindinakondwepo ndi mbale yodzaza ngati mmene ndinakondwera ndi imeneyo.

Ndiye iwe amene walephera mayeso, iwe amene wagwetsa ntchito ya abwana, iwe amene ukubisala pa masitepe kuti udzaonekere zinthu zikadzayenda, mvera azakhali ako. Pansipo alipo wina amene wakhala pa makatoni, sakuchoka, akudikira iwe. Usadikire kuti idzaze. Tsuka mbaleyo, utsike nayo lero lomwe. Osataya mtima, mwana wanga.